Yoga kwa asilikali ndi mabanja awo: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsimuwa ndi amene amabwerabwera nkhani ya yoga ikatchulidwa pakati pa asilikali, akazi ndi amuna awo, komanso makolo amene ana awo anavala yunifolomu. Ena amafunsa mwachidwi, ena mokayikira, ena ndi mantha chifukwa cha zimene anamva kutchalitchi. Tayamba ndi osavuta. Ngati kunyumba kwanu zinthu zafika kale povuta, pitani kaye ku funso lonena za chipatala, lomwe lili chakumapeto.

Kodi yoga ndi chiyani?

Ndi njira yophunzitsira thupi ndi maganizo imene inayambira ku India zaka zoposa 2,000 zapitazo. Imene anthu ambiri amachita masiku ano ili ndi mbali zitatu: kuika thupi m'kaimidwe kapena m'kakhalidwe kena n'kukhala choncho kwa kanthawi, kupuma mwadongosolo, ndi kukhala phee maganizo ali pa chinthu chimodzi. Pa intaneti mumaona zithunzi za anthu atapinda thupi, mwendo uli kukhosi. Zimenezo n'za akatswiri, ndipo si zimene tikukamba pano. Tikukamba zinthu zimene munthu wa zaka 50 wa mawondo olira angathe kuchita pamkeka m'chipinda chake.

Mu December 2014 bungwe la United Nations linavomereza kuti 21 June likhale tsiku la yoga padziko lonse, ndipo tsikuli linakumbukiridwa koyamba mu 2015.

Msilikali amachita kale mafizo. Yoga iwonjezerapo chiyani?

Mafizo ndi yoga zimaphunzitsa zinthu zosiyana. Mnyamata akalowa maphunziro a usilikali, kaya ndi ku MAFCO ku Salima kaya ku Catterick kwa amene analowa gulu la nkhondo la Britain, chimene amaphunzira mwamsanga ndi kusamvera thupi. Phazi latuluka matuza m'jombo, pitiriza. Phewa lachita dzanzi ndi chikwama, pitiriza. Tulo tikukugwira, imabe. Luso limeneli ndi lofunika, ndipo limapulumutsa moyo kunkhondo.

Vuto lake n'lakuti munthu akazolowera kusamvera thupi kwa zaka zambiri, amasiyanso kumva zizindikiro zimene thupilo limapereka mkwiyo usanaphulike: nsagwada kulimba, mapewa kukwera, mpweya kufupika, manja kufumbata okha. Amangozindikira atakalipira kale mwana. Yoga imabwezeretsa luso lomvetsera. Munthu amaima, namva pamene mapazi ake akhudza pansi, namva mpweya ukulowa ndi kutuluka, ndipo akabwereza zimenezi masiku ambiri amayamba kuzindikira msanga kuti mtima wayamba kukwera. Msilikali akufunika maluso onse awiri, koma pabwalo la perete amaphunzirapo limodzi lokha.

Bambo a kunyumba kwathu anabwerako ku Congo atasintha. Chinachitika n'chiyani?

Ili ndiye funso limene limafunsidwa motsitsa mawu, ndipo ndi lomwe linatichititsa kulemba tsamba lino.

Asilikali a Malawi akhala akupita kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo kwa zaka zambiri, ndipo mu 2013 United Nations inakhazikitsa gulu lapadera lololedwa kuthira nkhondo zigawenga, momwe munali asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa. Ntchito imeneyi sinali yongolondera. Mu November 2018 asilikali asanu ndi mmodzi a Malawi anaphedwa pomenyana ndi zigawenga za ADF kufupi ndi Beni. Mu January 2025 ena atatu anafa pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za M23 ali pansi pa SADC. Asilikali a Zambia nawo akhala zaka zambiri ku Central African Republic. Ngakhale kuno kumudzi, asilikali amene anakumba matope ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche namondwe wa Freddy atawomba mu March 2023 anaona zinthu zimene munthu sangaziiwale msanga.

Munthu amene wakhala miyezi yambiri pamalo otere, thupi lake limaphunzira kukhala tcheru usana ndi usiku. Tulo timakhala tapamwamba, khutu limatola kaphokoso kalikonse, maso amafufuza potulukira asanakhale pansi. Si kufooka, si misala, ndipo si kulodzedwa. Ndi zimene zinamusunga wamoyo. Koma ndege ikatera ku Lilongwe, thupi silidziwa kuti ntchito yatha. Limakhala ngati mlonda amene kunja kwacha koma palibe wabwera kudzamuuza kuti aweruke. N'chifukwa chake chitseko chikamenyetseka bambo amadzidzimuka mopitirira, makombola a pa Chaka Chatsopano amawathawitsira m'chipinda, kutchalitchi amafuna mpando wakumbuyo pafupi ndi khomo, ndipo phokoso la ana awo omwe limawapsetsa mtima.

Ambiri zimenezi zimachepa zokha pakapita milungu ingapo. Kwa ena zimakhazikika, pamodzi ndi maloto oopsa, kupewa anthu, ndi kuona ngati zimene zinachitikazo zikuchitikanso. Madokotala amati PTSD, dzina limene linalowa m'mabuku a zachipatala mu 1980, itatha nkhondo ya ku Vietnam. Vutoli ndi lakale kuposa dzinali. Agogo athu a King's African Rifles, gulu la nkhondo la m'nthawi ya atsamunda, amene anakamenya nkhondo ku Burma ankabwera kumudzi popanda wowafunsa za m'mtima, ndipo ndi akazi awo amene ankadziwa mmene usiku unkathera.

Yoga siifafaniza zimene munthu anaona. Chimene imachita ndi kupatsa thupi mpata woyeserera, mobwerezabwereza, kukhala pamalo amene lili tsopano: mapazi ali pa simenti ya nyumba yake, msana uli pakhoma lake, mpweya ukutuluka pang'onopang'ono, palibe chikuchitika. Uthenga wakuti nkhondo yatha umafika m'thupi kudzera m'thupi lomwelo. Kungomuuza munthu kuti "iwalani, muli kwanu tsopano" sikufika kumeneko.

Kupuma chabe kungakhazike bwanji mtima pansi?

Yesani izi. Gwirani mtsempha wa padzanja kapena wa pakhosi, kokani mpweya pang'onopang'ono, kenako utulutseni pang'onopang'ono. Anthu ambiri amamva kuti pokoka mpweya mtima umafulumira pang'ono, potulutsa umabwerera m'mbuyo. Amene amagwira ntchito yochepetsa liwiroyi ndi mtsempha wotchedwa vagus, umene umachoka kumunsi kwa ubongo n'kutsika m'khosi mpaka kumtima, m'mapapo ndi m'mimba. Mukatalikitsa kutulutsa mpweya kuposa kukoka, mumapatsa mtsemphawu nthawi yochuluka yogwira ntchito yake.

Munthu wamkulu akakhala chabe amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi. Akapsa mtima kapena akachita mantha amapuma mofulumira ndiponso ndi chifuwa chokha. Pa yoga timatsitsa kupumako kufika pafupifupi ka 6 pa mphindi, mimba ikukwera ndi kutsika. Simungalamule mtima kuti ugunde pang'onopang'ono, simungalamule thukuta kuti lileke, koma mpweya mungaulamule, ndipo zinazo zimatsatira.

Kodi alipo magulu a nkhondo amene amachitadi zimenezi?

Alipo. Asilikali a ku India amachita yoga, ndipo pa 21 June chaka chilichonse mumatuluka zithunzi zawo ali pa chipale chofewa ku Siachen, m'mapiri ataliatali a kumpoto kwa dzikolo. Ku United States, chipatala cha asilikali cha Walter Reed chinayesa mu 2006 njira yopumulira yotchedwa iRest, imene anaikonza Richard Miller kuchokera ku yoga nidra (yoga yopumula munthu atagona chagada), pa asilikali obwera ku Iraq ndi Afghanistan. Lero unduna woona za asilikali opuma m'dzikolo unaika yoga pa mndandanda wa chithandizo chowonjezera chimene zipatala zake zimapereka. Kulinso mabungwe monga Warriors at Ease ndi Veterans Yoga Project amene amaphunzitsa aphunzitsi a yoga mmene angagwirire ntchito ndi asilikali ndi mabanja awo.

Kupuma kowerenga zinayi zinayi, kokani mpweya mpaka 4, gwirani mpaka 4, tulutsani mpaka 4, dikirani mpaka 4, kumaphunzitsidwa kwa asilikali ndi apolisi a ku America kuti manja asanjenjemere pa nthawi yoopsa. Iwo sakutchula kuti yoga, koma nzeru yake ndi yomweyo.

Pali umboni woti zimathandiza, kapena ndi zongokamba?

Umboni ulipo, ndipo ndi bwino kuunena monga ulili, osaukuza.

Pa nkhani ya msana ndi pamene pali polimba. Mu 2017 bungwe la madokotala la American College of Physicians linaika yoga m'gulu la njira zoyamba kuyesa pa msana wopweteka nthawi yaitali munthu asanathamangire mankhwala. Chaka chomwecho ofufuza a ku San Diego, motsogozedwa ndi Erik Groessl, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa asilikali opuma 150 odwala msana. Amene anachita yoga kwa milungu 12 ululu unachepako, ndipo patatha miyezi 6 ankatha kugwira ntchito zawo bwino kuposa anzawo amene sanayambe. Kusinthako kunali kwapakatikati, osati kozizwitsa.

Pa nkhani ya PTSD, kafukufuku wodziwika kwambiri ndi wa Bessel van der Kolk ndi anzake wa mu 2014, wa amayi 64 amene vutoli linawakanirira kwa zaka zambiri. Patatha milungu 10, amayi 52 pa 100 alionse a m'gulu la yoga sanapezekenso ndi zizindikiro zokwanira kunena kuti ali ndi PTSD, pamene m'gulu la amene sanachite yoga anali 21 pa 100. Amayiwa sanali asilikali. Koma mu 2023 kunatuluka kafukufuku wina wa amayi amene anagwirapo ntchito ya usilikali ku America ndipo anachitidwa nkhanza zogonana ali pantchitopo. Yoga inawathandiza mofanana ndi uphungu umene madokotala amaudalira, ndipo ambiri anapirira mpaka kumapeto kwa maphunziro a yoga kuposa a uphunguwo.

Ngakhale zili choncho, malangizo a madokotala a asilikali ku America amaikabe patsogolo uphungu wapadera wa PTSD. Yoga imayenda pambali pa chithandizocho. Onani funso lonena za chipatala.

Ndine Mkhristu. Mnzanga ndi Msilamu. Kodi yoga si chipembedzo cha Ahindu?

Sitikubisirani: mizu ya yoga ili m'zipembedzo za ku India, makamaka Chihindu, ndipo alipo aphunzitsi amene amaiphunzitsa ngati njira ya uzimu, ndi mawu obwereza ndi mayina a milungu. Munthu wachikhulupiriro amene akufunsa funsoli sakulakwitsa.

Atsogoleri a zipembedzo analingalirapo kale. Mu 1989 ofesi ya chiphunzitso ya Mpingo wa Katolika, motsogozedwa ndi Kadinala Joseph Ratzinger, inalemba kalata yochenjeza kuti bata la m'thupi lisasokonezedwe ndi pemphero kapena chisomo cha Mulungu, koma inalola kutengako zothandiza bola pemphero lachikhristu lisaphimbike. Mu 2009 bungwe la akuluakulu a Chisilamu ku Indonesia linaletsa yoga yokhala ndi miyambo ya chipembedzo, n'kulola yochitidwa ngati masewera olimbitsa thupi. Mipingo ina imakana zonse.

Maganizo athu ndi awa. Zimene tafotokoza pa tsamba lino ndi kuwongola thupi, kupuma ndi kumvetsera. Simufunika kutchula mawu alionse achilendo, kugwadira chithunzi, kapena kuyatsa lubani. Ambiri akamapuma pang'onopang'ono amanena salimo chamumtima, ena amatchula mayina a Allah. Ngati chikumbumtima chanu chikukanabe, kambiranani ndi abusa kapena shehe wanu, ndipo musachite chinthu chimene chikukusowetsani mtendere. Tengani kupuma kokhako. Mapapo ndi anu ndipo anakupatsani ndi Mulungu.

Anzanga kuntchito adzandiseka kuti ndi za azimayi.

Auzeni aime mwendo umodzi wopinda kutsogolo, wina wowongoka kumbuyo, manja atatambasula, kwa mphindi ziwiri osagwedezeka, akupuma ndi mphuno yokha. Kuseka kumatha ntchafu zikayamba kunjenjemera. Ndipo simufunika kuuza aliyense zimene mumachita m'chipinda mwanu m'mawa.

Ndiyambe bwanji? Ndilibe zipangizo, ndipo kwathu kulibe kalasi ya yoga.

Mkeka, mphasa kapena bulangete lopinda n'zokwanira. Valani zovala zomasuka, vulani nsapato. Mphindi 10 zikukwana. Musachite mutangodya kumene.

Yambani ndi kuima. Mapazi atalikirane pang'ono, mawondo asalimbe. Mverani pamene phazi lakhudza pansi: chidendene, m'mbali, zala. Tsamirani kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono, mpaka mupeze pakati. Pumani kasanu, kutulutsa kukhale kotalika kuposa kukoka. Kaimidwe aka kamafanana ndi ka pa perete, koma apa palibe wokuyang'anani, ndiye lolani mapewa agwe ndipo mano asalumane.

Kenako gwadani, manja pansi. Pokoka mpweya tsitsani mimba, mutu udzuke pang'ono. Potulutsa kwezani msana m'mwamba, chibwano chiloze pachifuwa. Bwerezani kasanu ndi kamodzi kapena kakhumi, mpweya ndiwo utsogole. Mukatero bwezani matako kuzidendene, manja atambasukire kutsogolo, mphumi pansi kapena pa pilo, mupume pamenepo kangapo. Ngati mawondo akukana, dumphani mbali imeneyi.

Gonani chagada, mawondo opinda, mapazi pansi. Gwetsani mawondo onse awiri kumanzere, mupume katatu, kenako kumanja. Pomaliza sendererani kukhoma, mukweze miyendo itsamire khomalo, dzanja limodzi pamimba. Khalani choncho mphindi ziwiri kapena zitatu. Kwa munthu amene waima tsiku lonse m'jombo, mbali imeneyi ndiyo imakoma kuposa zonse.

Kuchita pang'ono tsiku lililonse kumaposa kuchita ola lathunthu kamodzi pa mwezi. Sankhani nthawi imodzi, kaya musanasambe m'mawa kaya mukangovula yunifolomu madzulo, kuti thupi lizolowere.

Ndikatseka maso n'kukhala phee, zinthu zimaipiraipira. Ndiye kuti yoga si ya ine?

Ayi, ndipo muli ambiri. Kwa munthu amene anaona zoopsa, bata ndi mdima ndi pamene zithunzi zimabwera. Kugona chagada maso otseka pakati pa anthu osawadziwa kungakhale koopsa kuposa kuthamanga makilomita 10. N'chifukwa chake David Emerson ndi anzake ku Massachusetts anakonza kachitidwe ka yoga koganizira anthu otere. Mphunzitsi salamula, amangopereka mwayi wosankha. Sagwira munthu thupi. Sayendayenda kumbuyo kwa ophunzira. Aliyense ali ndi ufulu wosiya nthawi iliyonse.

Inunso chitani chimodzimodzi panokha. Maso akhale otsegula, ayang'ane malo amodzi pansi kapena pakhoma. Nyale ikhale yoyaka. Khalani poti mukuona khomo, msana uli kukhoma. Ngati kugwira mpweya kukukupatsani phuma, musagwire, ingotalikitsani kutulutsa. Yambani ndi zoyenda, monga kuima ndi kugwada zija, musanayese zokhala phee. Zithunzi zikabwera, dindani mapazi pansi mwamphamvu, tchulani mokweza zinthu zisanu zimene mukuziona m'chipindamo, tchulani tsiku ndi malo amene muli. Zikapitirira, imirirani, tulukani panja, mudzayesenso mawa. Munthu amene moyo wake wonse wa ntchito wakhala womvera malamulo amafunika malo amodzi pamene iye ndiye amanena kuti basi.

Ine si msilikali, ndine mkazi wake. Zikundikhudza bwanji?

Zikukukhudzani kwambiri, ndipo zimatipweteka kuti inu ndi amene simufunsidwa kawirikawiri. Amuna anu akakwera ndege, inunso mumayamba ulonda wanu. Foni mumagona nayo pa pilo. Uthenga ukachedwa masiku awiri, chakudya sichilowa. Pa WhatsApp pakazungulira mphekesera yoti kwaphedwa asilikali, mayina asanatuluke, mabanja onse a m'misasa ya Kamuzu, Cobbe ndi Moyale amakhala maso usiku wonse. M'mawa mwake muyenera kudzutsa ana, kuwaphikira phala, kupita kuntchito kapena kugeni, ndi kuyankha apongozi amene akufunsa ngati mwamva chilichonse. Thupi lanu likuchita zofanana ndi zimene tafotokoza pa funso la obwera ku Congo, kungoti inu palibe amene adzakuvekeni mendulo.

Ndipo tsiku lobwerako silithetsa zonse. Mwayendetsa nyumba nokha kwa chaka, mwalipira fizi, mwagamula milandu ya ana. Bambo akufuna kutenganso malo awo, achibale amva kuti kwabwera ndalama, ndipo munthu amene munamudikira ndi misozi wakhala chete pakhonde osayankhula. Mikangano yambiri imayambira pamenepa.

Mphindi 10 za pamkeka sizingasinthe nkhani za ku Goma, mzinda wa kum'mawa kwa Congo, kapena khalidwe la achibale. Zimakupatsani nthawi imodzi pa tsiku imene thupi lanu silikudikira uthenga. Siyani foni m'chipinda china. Ngati muli ndi anzanu awiri kapena atatu amene amuna awo ali kumishoni, chitirani limodzi, chifukwa kukhala pamodzi kumathandizanso pakokha. Zonsezi zikukhudzanso abambo amene akazi awo ndiwo asilikali, ndipo masiku ano alipo ambiri.

Nanga ana?

Ana amatola nkhawa ya m'nyumba ngakhale musawauze. Ena amayambanso kukodza pogona, ena amavuta kusukulu, ena amamatirira amayi. Kusamukasamuka kumawonjezera. Ku America mwana wa msilikali amasintha sukulu ka 6 mpaka ka 9 asanamalize sekondale, ndipo kwathu kuno mwana wochoka ku Zomba kupita ku Mzuzu amasiya anzake, aphunzitsi ake, mwinanso chilankhulo cha pabwalo losewerera.

Kwa ana ikhale masewera. Pikisanani kuima mwendo umodzi. Mwana agone chagada, muike kamwala kapena chidole pamimba pake, aone chikukwera ndi kutsika. Auzeni auzire mpweya pang'onopang'ono pa supuni ya phala lotentha longoyerekeza. Mphindi zitatu n'zokwanira. Bambo kapena mayi wobwera kumishoni amene akusowa poyambira kucheza ndi mwana wake angayambire pamenepa, popeza sipafunika mawu ambiri.

Amuna anga akukana. Ndiwakakamize?

Ayi. Chitani inuyo, iwo aziona. Mukafuna kuwaitana, yambirani pa msana kapena pa tulo, osati pa mutu. Msilikali amavomera msanga kuti msana ukumupweteka kuposa kuvomera kuti mtima wake suli m'malo. Ndipo musawaitane mkangano uli mkati.

Vuto langa lalikulu ndi tulo. Pali chothandiza?

Yesani yoga nidra, yomwe inayesedwa ku Walter Reed ija. Mumagona chagada, pilo pansi pa mawondo, n'kuyendetsa maganizo m'thupi chiwalo ndi chiwalo: chala chachikulu cha dzanja lamanja, chachiwiri, chachitatu, chikhatho, mkono, phewa, mpaka thupi lonse. Simulimbitsa kapena kumasula kanthu, mumangozindikira kuti chiwalocho chilipo. Zimatenga mphindi 15 mpaka 30. Maganizo akathawira kwina, abwezeni pamene munalekezera. Mnzanu wa m'banja angathe kukutchulirani ziwalozo ndi mawu otsika.

Kunena mosabisa, mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati pa usiku ndipo umakulitsa maloto oopsa. Asilikali ambiri amagwera m'botolo pofuna tulo chabe. Ngati mukumwa kuti mugone, yoga yokha siikwanira.

Ndili ndi bala lakale. Kodi si zoopsa?

Lamulo ndi limodzi: kukokeka kwa mnofu n'kololedwa, ululu wobaya kapena dzanzi lotsika m'mwendo ndi chizindikiro choti musiye. Asilikali amavulala pa yoga chifukwa cha mtima wopikisana, kufuna kufika lero pamene mnzawo wafika patatha chaka. Amene muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, matenda a maso a glaucoma, kapena munavulala m'mutu kapena m'khosi, pewani zozondoka mutu pansi. Amayi oyembekezera, amene mwachitidwa opaleshoni posachedwa, ndi amene msana wanu unapezeka ndi vuto kuchipatala, funsani dokotala kaye. Amene anaduka mwendo kapena amayendera njinga ya olumala angachite zambiri atakhala pampando, ndipo kupuma kuja n'kwa aliyense.

Kodi ndingachite ndili kumishoni?

Inde. Malo a bedi limodzi ndi okwanira. Mukaweruka pa ulonda kapena mukabwera kolondera, musanagone, kwezani miyendo pachikwama n'kupuma mphindi zisanu. Ena amaopa kuti kukhazika mtima pansi kudzawachititsa mphwayi pa ntchito. Sizitero. Munthu amene wagona bwino ndipo amatha kutsitsa mpweya wake amaona bwino, amamva bwino malamulo, ndipo sathamangira kuwombera chinthu chimene sanachizindikire. Zopumula zakuya monga yoga nidra zichitike pa nthawi yopuma yokha, osati muli pa ntchito.

Kodi yoga ingalowe m'malo mwa chipatala kapena uphungu?

Ayi. Pitani kuchipatala ngati zizindikiro zatha mwezi osachepa, ngati maloto oopsa akubwera pafupipafupi, ngati mowa kapena chamba zawonjezeka, ngati munthu wasiya kudya, kusamba kapena kucheza ndi anthu. Ngati wanena zofuna kudzipha, ngakhale mongodutsa, musadikire kuti kuche. Musamusiye yekha, chotsani mfuti, zingwe ndi mankhwala pafupi, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kumufunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo, kumamutsegulira pakamwa.

Poyambira ndi chipatala cha kumsasa kapena abusa a asilikali. Ku Malawi kulinso Zomba Mental Hospital, ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso m'zipatala za maboma muli ogwira ntchito za maganizo. Amene muli ku Britain, bungwe la Combat Stress lakhala likuthandiza asilikali opuma kuyambira 1919. Tikudziwa mantha amene alipo, oti ukapita kukaonana ndi dokotala wa maganizo anzako adzakuona ngati wofooka ndipo sudzakwezedwanso. Koma vuto losasamalidwa ndi limene limawononga ntchito, banja ndi moyo. Ngati dokotala anakupatsani mankhwala, musawasiye chifukwa mwayamba yoga.

Mawu amodzi kwa amayi ndi ana: zimene munthu anaona kunkhondo si chilolezo chomenyera banja lake. Ngati m'nyumba mwayamba nkhanza, chitetezo chanu chikhale choyamba. Uzani ankhoswe, akuluakulu a kumsasa, kapena pitani ku Victim Support Unit kupolisi. Imeneyo si nkhani yothetsa ndi kupuma.

Ndikapeza mphunzitsi kapena vidiyo pa intaneti, ndidziwa bwanji kuti ndi wabwino?

Mfunseni ngati anagwirapo ntchito ndi anthu amene anakumana ndi zoopsa. Wabwino amafunsa za mabala anu musanayambe, amapempha chilolezo asanakukhudzeni, amakulolani kusankha malo okhala m'chipindamo, ndipo sakufunsani kuti mufotokoze zimene munaona kunkhondo. Thawani amene akulonjeza kuchiza PTSD m'milungu iwiri, amene akukuuzani kuti musiye mankhwala, kapena amene akufuna ndalama zambiri musanaone n'komwe kalasi yake.

Pa YouTube sankhani mavidiyo a oyamba kumene, afupiafupi, a mphindi 10 mpaka 20. Koperani imodzi kapena awiri pa foni kuti musamawononge bandulo tsiku lililonse, ndipo bwerezani omwewo mpaka muwaloweze. Perekani milungu 8 mpaka 12 musanagamule ngati zikukuthandizani, popeza kafukufuku amene tatchula uja anatenganso nthawi yotere. Kusintha koyamba amakuona ndi a m'nyumba mwanu, choncho afunseni iwo.